Mapointi 33 a Lusubilo

Amuna anga a Jameson sadziwa kukwiya, ndiye ntchito imeneyo m'nyumba mwathu ndimagwira ndine. Ndimaigwira bwino ndithu. Koma mu Okutobala wa 2018 ndinaigwira mopyola muyezo, ndipo inali nkhani ya mayeso a mwana wathu Lusubilo.

Bambo ndi mwana ameneyu anadziwana mochedwa. Ine ndinabwera ku Leicester kudzagwira unamwino, kenako ndinakatenga Lusu ali ndi zaka zisanu. A Jameson anatsala ku Karonga akuphunzitsa pulayimale. Poyamba anawakaniza viza, ndipo pamene zinayamba kuoneka ngati zitheka, mayi awo anafa ziwalo mbali imodzi. Munthu wake uja sakanawasiya. Zaka khumi zinatha chonchi, banja likuyendera foni ya Lamulungu masana. Ndinkamuitana Lusu kuchipinda, iye n'kubwera mokoka miyendo, n'kunena kuti "Ndili bwino, kaya inu," n'kundibwezera foni ngati ikuotcha. Chichewa chinkamuthawa chaka ndi chaka. Apongozi atatisiya, a Jameson anatera pabwalo la ndege mu 2016, n'kupeza namwali wotalika kuposa ine, amene anawapatsa moni wa dzanja ngati mlendo wa kutchalitchi. Ndinalira ulendo wonse wobwerera ku Evington, dera la Leicester limene timakhala, iwo awiri aliyense akuyang'ana pawindo lake.

Chimene chinawalumikiza ndi dimba. Kuseri kwa nyumba za kwathu kuli malo amene khonsolo imagawa kwa anthu ofuna kulima, ndipo mkulu wina wa kutchalitchi amene msana unali utamukana anawasiyira a Jameson theka la gawo lake. Masiku asanu ankasamala nkhalamba kunyumba yosungirako okalamba, Loweruka n'kukhala mlimi. Anadzala maungu chifukwa cha nkhwani, mpiru, nyemba, ndi chimanga chimene chaka chilichonse chimangofika m'chiuno n'kugwa ulesi. Lusu anayamba kuwatsatira kuti azikajambula zithunzi zoseketsa anzake. Pasanathe miyezi ingapo anali ndi magambuti akeake, ndipo ankabwerako ali matope okhaokha, akuseka nthabwala zimene ine sindinkauzidwa. Ndinene zoona, kansanje kanandigwira. Ine ndinamulera ndekha mwana ameneyu, ndikusinthanitsa mashifiti ndi anzanga kuti ndikamutenge kusukulu, koma amene anamubwezera Chichewa m'kamwa ndi munthu wa wilibala. Komabe ndinkathokoza Mulungu, chifukwa ndi zimene ndinkapempha.

Za ku America anamuika m'mutu ndi aphunzitsi ake, Mayi Fehmida Akhtar. Anamuuza kuti kumeneko kuli makoleji ovuta kulowa, koma akakutenga amakusamala pa zonse. Lusu anasankha atatu. Kuti akuganizire n'komwe, umayenera kulemba mayeso awo, ndipo alipo a mitundu iwiri, SAT ndi ACT. Makoleji amene iye anasankha ankalola mwana kutumiza zotsatira zimene akufuna, zinazo n'kuzisiya kunyumba. SAT analemba mu Meyi, atagwidwa ndi chimfine chija chimabwera maluwa akamasansula, maso ali psuu, mphuno ikuchucha. Anapeza 1290 pa 1600. Si zoipa, koma makoleji akewo amabweza ana oposa pamenepo. Ndiye mu Seputembala anakalemba ACT.

Zotsatira zinamupeza ali m'galimoto, ine nditamutenga pochokera kuntchito. Anakuwa mpaka ndinatsala pang'ono kugunda basi. Anali atapeza 33, pa mayeso amene wokhoza zonse amapeza 36. Tinaima pambali pa msewu, tinakumbatirana, iye akulira, ine ndikuimba nthungululu mawindo ali otseka kuopa kudabwitsa azungu.

Madzulo patebulo anadikira kuti bambo ake ayambe kudya.

"Adadi, ma results atuluka. I got thirty-three."

A Jameson anaika supuni pansi. "Mapointi 33?"

"Eya."

"Mayeso ake amathera pati?"

"Pa 36."

Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anadzuka, anazungulira tebulo, n'kumuika dzanja pamutu monga amachitira munthu pamaliro. "Palibe kanthu, mwana wanga. Wayesetsa." Atatero anatenga mbale yawo chakudya chilimo n'kupita kukhichini. Tinamva madzi akutsegulidwa.

Palibe kanthu? Mwana wachita zazikulu chonchi, palibe kanthu? Lusu anangoyang'ana m'mbale mwake. Ndinafuna kuwatsatira kukhichiniko, koma mawa lake ndinali ndi shifiti yaitali, ndipo ndimadzidziwa kuti ndikayamba sindimaliza msanga. Ndinameza.

Masabata otsatirawo a Jameson anasanduka munthu wina. Kufatsa anali nako kale, koma tsopano kunanyanya. M'mawa ankamuperekeza Lusu kukakwera basi, mtsikana wamkulu wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, atamunyamulira chikwama. Loweruka ankadzuka kukazinga mandasi oti akadyere kudimba. Ine ndikangotchula za America, ankandipondaponda phazi pansi pa tebulo n'kusintha nkhani. Tsiku lina anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Berna, za mayeso zija tisamamukumbutse mwanayu." Ndinawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinaona ngati ndawagwira. Munthu ameneyu, ndinatero mumtima, sakufuna kuti mwana apite. Wabwera mochedwa, ndiye akufuna kumumangirira ndi mandasi.

Loweruka lomaliza la Okutobala ndinapita kukagula nyama ya mbuzi pa Evington Road, ndipo pamzere ndinakumana ndi Mayi Akhtar. Iwo anabadwira ku Limbe, makolo awo anali ndi sitolo ya nsalu, ndipo ngakhale anachokako ali kamtsikana, Chichewa sanachitaye. Amachilankhula mokoma kuposa ana athu.

"Mayi a Lusubilo, Mulungu wandithandiza kuti ndakuonani. Kodi kunyumba kwagwanji?"

"Kuli bwino. Bwanji?"

"Mwana uja akuti atumiza SAT yokha. ACT aisiya."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Anabwereza.

"Ndamufunsa kawiri. Akungoti adadi anena choncho. Ine sindilowerera za m'banja, koma ndikuuzeni poyera. Akatumiza 1290 ija, anthu aja sawerenga n'komwe zina zonse. Ndi 33 chitseko n'chotsegula. Ndipo deadline ndi pa 1 Novembala, Lachinayi likubwerali."

Sindikumbuka kuti ndinawatsanzika bwanji. Ndinaponya nyama pampando wakumbuyo, ndinayendetsa galimoto molunjika kudimba, ndikukonza mawu njira yonse. Ndinali nawo ambiri, ndipo ena anali a zaka khumi zija.

Ndinawapeza okha. Lusu anali kulaibulale, ankayenera kuwapeza masana. Chisanu chinali chitaotcha kale maungu, ndiye iwo anali kuwazula n'kumawaunjika pakona, atavala chipewa chawo cha ubweya chimene chimawaoneketsa ngati mlonda. Atandiona anamwetulira. Kumwetulira kumeneko ndi kumene kunandiyatsa.

"Bambo a Lusu, mwamuuza chiyani mwana?"

"Za chiyani?"

"Musandifunse za chiyani. Mwamuuza kuti asatumize ACT?"

"Eya, ndamuuza."

Anavomera mosavuta, ngati ndawafunsa ngati amwa tiyi. Ndiye ndinatsegula pakamwa. Ndinawauza kuti mwana ameneyu ndinavutika naye ndine. Ndinawauza za masiku amene ndinkagona m'basi ndi yunifolomu, za chipale chofewa chimene ndinkamuberekeramo popita kusukulu, za misonkhano ya makolo imene ndinkakhala ndekha pampando wa anthu awiri. Ndinati ngati akufuna womuthandiza kukankha wilibala alembe waganyu, asaphe tsogolo la mwana wanga chifukwa choti iwo akuopa kusungulumwa. Mawu amenewo anali oipa, ndipo ndinadziwa akutuluka kumene. Mzungu wa gawo loyandikana nalo anayamba kuthirira kabichi wake mwachidwi chachikulu, ngakhale kunali kutagwa mvula dzulo lake.

A Jameson anandisiya ndimalize. Ndi khalidwe lawo limenelo, ndipo limapweteka kuposa kuyankha. Kenako anavula magolovesi, anawapinda bwinobwino, n'kuwaika pa wilibala.

"Berna, ine ndikufuna apite. Ndikufuna kwambiri."

"Nanga?"

"Nanga mukufuna akamuseke? Mayeso enawo anapeza 1290 pa 1600. Ndawerengera, ndi 80 pa handiredi, kwathu imeneyo ndi distinkishoni. Tsono tisiye zimenezo, titumize 33?" Mawu awo anatsika. "Mapointi 33, Berna. Mwaiwala?"

Ndinali nditaiwaladi.

Kwathu ku Malawi, pa mayeso a Fomu 4, mapointi amawerengedwa chotsika. Amatenga maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, ndipo amene wapeza ochepa ndiye katswiri. Wa mapointi 6 amatchuka dziko lonse. Wa 36 ndiye kuti wangopulumukira pamphepete. A Jameson anapeza 33. Anandiuzapo kamodzi tili pachibwenzi, akuseka, ndipo ine ndinaisunga nkhaniyo monga momwe ndimasungira saizi ya nsapato zawo. Sindinadziwe kuti chinali chilonda. Tsono mwana wawo anabwera patebulo ndi nambala yomweyo, n'kuwauza kuti mayeso amathera pa 36, iwo n'kumva kuti watsala pang'ono kukhala wotsiriza.

Ndinakhala pansi pa chidebe chovundikira. Kuseka kunabwera kokha, kosaitanidwa, mpaka misozi. Mkwiyo wonse umene ndinaunyamula kuchokera kubutchala unangophwa ngati tayala.

"Mukuseka chiyani?"

"Bambo a Lusu, ku America amawerenga chokwera. 36 ndi kumwamba, osati kumchira. Ana zana akalemba mayeso amenewa, omuposa Lusu mwina ndi mmodzi kapena awiri. Mwaiwala chaka chatha, atapeza 9 pa masamu, giredi yapamwamba kwambiri kuno, munkafuna kukadandaula kusukulu?"

"Zimenezo ndi za kuno," anatero mofooka. "Ndinaganiza kuti ozondotsa zinthu ndi a kuno okha. Komanso sindinaganize n'komwe. Nambala ija itangolowa m'khutu, mutu unaima."

Anavula chipewa. Anakhala pamphepete pa wilibala, n'kumachipotokola m'manja.

"Ndiye kuti mwana wakhoza?"

"Wakhoza, bambo. Wakhoza koopsa."

"Lusubilo wanga?"

"Alipo wina?"

Anaseka, kuseka kwa munthu amene wamasulidwa katundu, kenako anabisa nkhope m'chipewa muja. Mapewa awo ankagwedezeka. Ine manyazi anandigwira chifukwa cha mawu aja a waganyu, ndipo ndinawagwira bondo n'kupepesa. Anangopukusa mutu kuti zisiyeni. "Mwezi wathunthu," anatero, "ndakhala ndikumupepesa mwana ndi mandasi."

Tinaseka tonse. Koma kuseka kwawo kunazima msanga, ndipo ndinaona nkhope ikusintha.

"Berna, iyeyo akudziwa kuti wakhoza?"

"Akudziwa. Anakuwa m'galimoto mpaka ndinatsala pang'ono kuchita ngozi."

"Nanga bwanji nditamuuza kuti atumize zinazo, anangoti chabwino adadi? Mwana uja amatsutsa. Ndikamuuza kuti tidzale nyemba apa, amanditulutsira foni kundionetsa kuti ndalakwitsa. Bwanji pamenepa sanatsutse?"

Ine amene ndinali nditangolalikira kumene kuti mwanayu ndimamudziwa ndine, funso limeneli silinandifikepo. Ndinathamangira kuimba mlandu bambo ake, osaona kuti mtsikana amene amakangana ndi aphunzitsi pa theka la malikisi wavomera kutaya 33 popanda liwu limodzi. Yankho linatifika tonse nthawi imodzi. Si bambo amene ankamugwira mwana. Mwana ndi amene ankagwira bambo.

Posakhalitsa tinamuona akubwera m'kanjira ka pakati pa magawo, magambuti kuphazi, fulasiki ya tiyi kukhwapa. Atandiona anaima pang'ono, chifukwa ine kudimba sindipitapita. Ndinadzuka kuti ndiyambe, koma a Jameson anandigwira mkono.

"Iyi ndi yanga," anatero.

Ndinapita kukakhala pakhomo la kashedi ka makasu, ndinatenga beseni la nyemba zouma n'kumasenda. Manja anali pa nyemba, makutu anali kwina, ndipo sindipepesa pa zimenezo.

Anamwa kaye tiyi. A Jameson sathamangira nkhani, amaizungulira ngati akuyang'ana polowera m'munda wa eni. Anamufunsa za kulaibulale, za basi. Kenako anati, "Amayi ako andiphunzitsa masamu lero. Akuti 33 ndi zambiri."

Lusu anayang'ana kwa ine, kenako pansi.

"Unkadziwa kuti ine ndasokoneza?"

"Poyamba ayi," anayankha motsitsa. "I thought you just didn't care. Kenako munati anthu ambiri a 33 amakhala bwinobwino pa moyo, ndiye ndina-googler za MSCE. Ndinazindikira."

"N'kungondisiya?"

Lusu ankakanda matope ndi nsonga ya gambuti.

"Lusu, ndikufunsa."

"Mwangobwera kumene, adadi!" Mawu anatuluka mokweza, ndipo anasweka pakati. "Two years. Anzanga akhala ndi ma dad awo moyo wonse, atopa nawo, akufuna kuthawa. Ine ndangoyamba kumene. Ndikapita, tibwerera ku ma phone call a pa Sunday, and I hated those calls. Sindinkadziwa chokuuzani. Ndinkangomva kupuma kwanu, ndikudziwa kuti mukudikira ndinene kanthu, ine mulibe kanthu m'kamwa. Ndiye ndinati ndikatumiza SAT, andikana, amami adandaula pang'ono, ine ndipita ku yunivesite yapafupi pano ku Loughborough, Saturday ndizibwera kuno. Palibe amene walakwa."

Nyemba zinandigwera pansi. Ndinazisiya pomwepo. Mwana wanga anali atakonza zoti alephere mwaulemu, kuti pasapezeke womuimba mlandu, ndipo ine ndinkagona naye nyumba imodzi osadziwa.

A Jameson anatsanulira tiyi wotsala pansi. Anayamba kumuuza nkhani imene ngakhale ine sindinaimvepo yonse. Anati chaka chawo, maina a osankhidwa kupita ku yunivesite ankawerengedwa pa wailesi. Iwo ankadziwa kuti ndi 33 palibe chiyembekezo, komabe anapita pagolosale ya pamsewu pomwe panali wailesi, n'kuima kumbuyo kwa anthu. Anamva maina a anzawo amene ankawathandiza masamu. Anamvetsera mpaka dzina lomaliza, mpaka nyimbo inayamba. Pobwerera anadzera njira ya m'minda kuti asakumane ndi munthu. Mayi awo sanawafunse kanthu, anangowaika dzanja pamutu n'kuti palibe kanthu, wayesetsa.

"Ndi zokhazo zimene ndinali nazo zokupatsa tsiku lija," anatero. "Ndinakupatsa za agogo ako."

Lusu anali akulira tsopano, mwakachetechete, akupukuta mphuno ndi mkono wa juzi.

"Za foni zija," anapitiriza, "iwe unkadana nazo. Chabwino. Ine ndinkapalasa njinga kukafika pamtunda pomwe pamagwira netiweki, kuti ndikamve 'ndili bwino, kaya inu.' Ukabwezera foni kwa amayi ako, ine ndinkabwerera ndikuimba mluzu. Anthu ankaganiza kuti ndalandira uthenga waukulu. Timawu timeneto tinkandikwanira sabata yonse."

"Adadi, that's so sad."

"N'zomvetsa chisoni, eya. Koma nthawi imeneyo sunkandidziwa. Lero ukaimba, uli ndi zondifunsa. Undifunsa ngati nkhwani wamera. Undiuza kuti nyemba ndadzala molakwika."

Anaseka m'misozi momwemo.

"Sindikunamiza kuti sizipweteka. Zipweteka, ndipo ine ndi amene ndizimva kwambiri, chifukwa amayi akowa ali ndi ukali wowasangalatsa." Anayang'ana kwa ine, ine n'kuyang'ana nyemba. "Koma tamvera. Kupita kapena kukhala, udzasankha wekha akakuyankha. Ukadzati ndikhala, ndidzavina pakati pa dimba lino mzungu uyu akuona. Koma usakhale chifukwa choti wabisa nzeru zako. Ukatero, Loweruka lililonse ndikakuona ukubwera ndi fulasiki, ndizidziwa kuti wakutsekera chitseko ndine. Zimenezo sindingazinyamule, mwana wanga. Anthu aja akuone wathunthu, kenako uwauze wekha ngati ukuwafuna."

Lusu anasendera pafupi n'kutsamira mutu paphewa pawo, pa jekete ya matope ija. Wilibala inapendama, onse awiri anatsala pang'ono kugwera m'maungu. Ndinakumbukira nyama ya mbuzi imene inali m'galimoto, ndipo ndinathamanga kukaiona kuti asandione nkhope.

Tinatumiza tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, patebulo la m'khichini, nsapato zili pakhomo. Lusu anatsegula kompyuta, anasankha makoleji atatu aja, n'kuwaonetsa bambo ake pamene panalembedwa 33. Iwo anavala magalasi, anayandikira, anaiyang'ana nambalayo ngati munthu amene wakumana ndi mdani wakale atasanduka m'busa. Anaikhudza ndi chala pagalasi la kompyuta, n'kusiyapo kadothi.

"Dinani ndinu," anatero Lusu.

"Ndingaononge."

"Simungaononge. Apa pokha."

Anadina. Panangotuluka timawu tothokoza, basi. Ine ndinkayembekezera china chachikulu, kaya belu, kaya chiyani, pa chinthu chimene chinatidya mwezi wathunthu. Ndinadzuka kukaika nyama pamoto, chifukwa wina ankayenera kutero.

Ndili pa anyezi ndinawamva akufunsa.

"Kodi kumeneko nthawi imasiyana bwanji ndi kuno?"

"Five hours. Kuno kukakhala masana, kumeneko ndi m'mawa."

"Ndiye Lamulungu ndiziimba nthawi yanji? Tikatuluka m'tchalitchi udzakhala utadzuka?"

"Adadi, sananditenge n'komwe. Ayankha mu December, mwinanso andikana."

"Akutenga," anatero a Jameson.

Ananena mofatsa, monga amanenera kuti kubwera mvula. Kenako anati akufuna kukaona ngati anatseka geti la kuseri, geti limene sititsegula n'komwe. Anatuluka opanda jekete. Pawindo la khichini ndinawaona ataima pafupi ndi mpanda, atatifulatira, manja ali m'thumba, akuyang'ana madenga a anthu. Sanasunthe. Ndinafuna kuwaitana kuti kunja kukuzizira, koma kamodzi kokha m'moyo wanga ndinatseka pakamwa.

Lusu anatseka kompyuta. Anatenga jekete ya matope ija pamsomali, anatuluka, n'kukawafunditsa. Sanabwerere m'nyumba. Anaima pambali pawo, nayenso manja m'thumba, ndipo ndinaona koyamba kuti amaima mofanana, phewa lakumanzere litatsika pang'ono. Ndinachepetsa moto kuti nyama isapse msanga.